Ngalande Yokhota ya Enos

Mwana wa Mainess anayamba kutsegula m'mimba patangopita masiku anayi chigwereni mvula yoyamba ya chaka cha 1981. Pofika Lachinayi, kamwanako, dzina lake Maud, maso anali atalowa mkati ndipo mawu olirira anali atatha. Mainess anakabereka n'kuthamangira kukiliniki. Pamzere anapezapo amayi ena atatu a m'sekishoni yake yomweyo, kachigawo ka komboni ya Kanyama, aliyense ndi mwana wolefuka kumsana. Onse anayi ankatunga madzi pamalo amodzi, pachitsime cha kuseri kwa nyumba ya Mainess.

Chitsime chimenechi chinkamwetsa nyumba khumi ndi imodzi. Anachikumba ndi mwamuna wa Mainess, Enos, mmisiri womanga nyumba, amene anatha miyezi iwiri akuswa thanthwe ndi hamala kuti afike pamadzi. Mpope unalipo, inde, koma kutali kwake munthu ankabwerako khosi litauma ndi ndowa, ndipo madzi ake ankatuluka tsiku limene afuna okha.

M'mawa mwake pachitsimepo panafika Hilda Chisala, mayi wa zaumoyo wochokera kukiliniki. Anatunga madzi a m'chitsimemo m'botolo n'kulikweza padzuwa. Madziwo anali otuwa, thovu la sopo pamwamba, ndipo kanthenga ka nkhuku kankazungulira mkati.

"Aya ndiye manzi yamene mupasa bana?" anafunsa Hilda.

"Ni yamene aya, ba Chisala," anatero Mainess. "Zaka seveni tikumwa, palibe mwana anadwalapo so."

"Manje chasintha ni chani?"

Mainess analoza ndi mlomo ngalande yatsopano imene inkatsika kuchokera kumsika, yowongoka ngati chingwe, n'kudzathera mapazi khumi kuchokera pakamwa pa chitsime.

Nkhani ya ngalandeyi imandiwawa mpaka lero. Kumtunda kwa chitsimecho kunali kadambo kakang'ono ka bango ndi mlulu. Madzi onse oipa a nyumba za kumtunda, ochapira, otsukira mbale, osambira, ndi a kumsika kumene amayi ankaphera nkhuku, ankalowa m'kadamboko n'kusochera m'mizu. Otuluka kumunsi ankatuluka oyera. Palibe ankakayamikira kadamboko. Anthu ankangokatukwana chifukwa cha phokoso la achule.

Mu Okutobala, mvula isanayambe, sabata yokonzekera tsiku la ufulu, tcheyamani wa sekishoni, a Blackson, anaitana anthu onse ku ntchito yoyeretsa komboni. Kunkabwera alendo akuluakulu odzaona sekishoni yaukhondo koposa. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wosabwera ndi chikwakwa chake dzina lake silinkaiwalika. A Blackson anati kadamboko n'kochititsa manyazi, chisa cha njoka ndi udzudzu. Anthu anatchetcha bango lonse n'kuliotcha. Kenaka Enos, pofuna kuonetsa kuti m'sekishonimo muli mmisiri, anabwera ndi chingwe chake, zikhomo ndi levulo yoyezera kuwongoka, n'kukumba ngalande yopanda pokhota ngakhale pamodzi. Alendo anafika, anaomba m'manja, anamujambula Enos ataimirira pambali pa ngalande yake, n'kukwera galimoto kumapita. Palibe mmodzi wa iwo anafunsa kuti madziwo akathera kuti. Akanafunsiranji? Kwawo ankamwa a m'mpope.

Kanyama ndi malo athyathyathya, pansi pake pali thanthwe, madzi alibe kothawira. Mvula itagwa, ngalande ija inagwira ntchito yake mokhulupirika. Inasonkhanitsa nyansi zonse za kumtunda, pamodzi ndi zosefukira m'zimbudzi, n'kuzitula pakhomo pa mwini wake.

Hilda anamanga chivundikiro cha chitsime ndi waya.

"Kuyambila lelo palibe kutapa apa," anatero. "Nikupasani myezi ibili. Nikabwela napeza manzi yakali so, nizalemba lipoti, chisime chizakwililiwa na myala. Sinifuna kuika bana ba bantu m'manda."

Madzulo dzuwa lisanalowe Enos anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza waya pachitsime chake. Anayamba kukalipa kuti ndani wachita zimenezi. Mainess anali atangobwera kukiliniki kudzatenga zosintha za mwana, ndipo ukali wake unali utafika m'khosi.

"Mufunsa wamene amanga waya? Funsani wamene anakumba mufolo! Imwe, batate bake Maud, na manja yanu, munatenga doti yonse ya kumaliketi na kuileta pakamwa pa mwana wanu. Mwana ali pa dilipu, imwe muli pa chithunzi."

"Mufolo ulibe mulandu," anatero Enos. "Onani mwamene unawongokela. Ba tcheyamani banakamba beka kuti mu Kanyama yonse mulibe winangu."

"Pitani mukabauze ba tcheyamani babwele bamuyamwise mwana!"

Enos anapita naye mkazi wake kukiliniki, ndipo ataona kadzanja ka Maud katamangidwa pakathabwa, singano ili m'mtsempha, anatuluka panja n'kukakhala pamwala. Kutacha anakamufuna Hilda yekha, chipewa chili m'manja.

Hilda anayenda naye m'mbali mwa ngalande kuyambira kumsika mpaka kuchitsime. Anamuuza kuti madzi oipa safuna kuthamangitsidwa, amafuna kuchedwetsedwa. Akamayenda pang'onopang'ono matope ndi nyansi zimakhazikika pansi, mchenga umasefa zotsala, ndipo mizu ya bango imadya zimene ife timati uve. Ntchito imeneyi kadambo kaja kankaigwira zaka zonsezi popanda woituma.

"Manje dambo tinaocha," anatero Enos. "Tizachita bwanji?"

"Muzapanga yanu, mukwai. Mufolo uyu muukhoteke, uziyenda uku na uku, uchoke kufupi na chisime. Kwamene uzathela mukumbe chimugodi chachikulu koma chosazika, chofika m'mawondo chabe. Pansi mumate dongo. Muike myala ikulu, pamwamba ing'ono, elo muchenga. Mushange matete."

"Nanga uzuzu? Ba tcheyamani bazakamba kuti taleta malelia."

"Manzi yazapita pansi pa myala, sikuti yazaimilila pamwamba. Uzuzu siungabikile mazai pa mwala wouma."

Enos anakanda m'mutu. Za miyala ndi zobzala matete, ndiye bango, anazimva, koma chimodzi chinamukanika kumeza.

"Ba Chisala, ine nine bilikileya. Zaka fifitini sininamangepo chinthu chokhota. Nikumbe mufolo monga njoka, bantu bazaniseka."

Mainess, amene ankawatsatira pambuyo, sanadikire kuti Hilda ayankhe. "Baseke! Kusekewa sikunaphepo munthu. Manzi yanu yowongoka ndiye yafuna kupha."

Mbiri inawapeza a Blackson tsiku lomwelo. Anafika pakhomo pa Enos masana, atavala suti yawo ya safari, kope lili m'khwapa. Anati ngalandeyo ndi ulemu wa sekishoni, alendo anaiyamikira, ndipo wobzalanso bango akunyoza ntchito ya anthu onse. Anatinso kutsegula m'mimba ndi matenda a nyengo ya mango, amabwera chaka chilichonse. Enos anayang'ana pansi, pakuti kutsutsana ndi tcheyamani masiku amenewo kunali kuputa mavu.

Mainess anawapatsa mpando. Kwathu mlendo akafika dzuwa likuswa mtengo amalandiridwa ndi madzi akumwa, ndipo mayiyu sanafune kuphwanya mwambo. Analowa m'nyumba, anatenga kapu yagalasi imene ankasungira alendo, n'kuthiramo madzi a m'ndowa imene anatunga chitsime chisanatsekedwe ndi waya. Anagwada bwinobwino n'kupereka ndi manja awiri.

"Mwayenda pa zuba, ba tcheyamani. Imwani."

A Blackson analandira. Anayang'ana m'kapumo. Amayi atatu aja anali ataima pampanda, manja m'chiuno, ndipo ena ankabwerabe. Kukana madzi a mayi wogwada n'chipongwe, kumwa kunali kosatheka. Kapu inakhala m'manja mwawo nthawi yaitali.

"Ni ya mu chisime?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ni yamene anamwa Maud. Mwakamba kuti ni mango, manje muyopa chani?"

A Blackson anaika kapu pansi pang'onopang'ono osataya ndi dontho lomwe. Anatsokomola, anatsegula kope lawo, n'kulengeza kuti Loweruka sekishoni yonse ibwere ndi makasu ndi mawilibala. Ananena ngati nzeruyo inali yawo kuyambira kale. Mainess anangoti kukamwa yasa, koma anadzigwira, chifukwa chimene ankafuna iye chinali makasuwo.

Loweruka Enos anasiya chingwe chake m'nyumba. Anakwirira mbali ya kumunsi ya ngalande yake yokongola ija, n'kukumba ina yokhota kasanu, yolowera kutali ndi chitsime. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu anabweretsa miyala, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, n'kuiyala m'dzenje lalikulu ngati dimba limene anthu anakumba kumathero kwa ngalandeyo. Bango sanalifune kutali. M'kadambo kootchedwa kaja mizu inali yamoyo, itayamba kale kuphukira ndi mvula, ndipo anaikumba n'kuibzala m'dimba la miyalalo. Hilda anayenda nyumba ndi nyumba kumtunda kuuza anthu kuti aliyense akumbe kadzenje ka miyala ka madzi ochapira n'kubzalapo nthochi. Amayi a nkhuku kumsika anawauza kuti nthenga ndi matumbo azikwirira, asamatayire m'ngalande. Chimbudzi chimodzi chimene chinali pafupi kwambiri anachitseka. Hilda atamasula waya kwa tsiku limodzi, chitsime anachikapa chonse, anathiramo mankhwala, ndipo Enos anachimangira khoma lofika m'chiuno kuti madzi oyenda pansi asalowenso. Khomalo lokha ndi limene analiyeza ndi levulo.

Kuseka anthu anasekadi. Anzake omanga nawo nyumba ankabwera dala Lamlungu kudzaona. "Ba Enos, munakumba mutamwa vingati?" Ana anaitcha ngalandeyo njoka ya ba Enos. Masabata oyamba bango linkaoneka ngati lafa, amayi akubwerera kumpope makosi akuwawa, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti anavutikira pachabe. Enos m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankachotsa zinyalala pakamwa pa dimbalo, n'kukagwada kumunsi kuyang'ana madzi otuluka.

Mvula ya mu Januwale inagwa masiku atatu osakata. Madzi anatsika kuchokera kumsika akuda bii, anakhota, anakhotanso, mphamvu n'kuwathera, n'kulowa pansi pa miyala mwakachetechete. Pakamwa pa chitsime sipanafike ndi dontho lomwe.

Miyezi iwiri itakwana Hilda anabwera ndi mabotolo atatu. Loyamba anatunga kumtunda kwa dimba la bango, lachiwiri kumunsi, lachitatu m'chitsime kudzera pampata wa chivundikiro. Anawaimika pakhoma la chitsimecho kuti aliyense aone yekha. Loyamba munthu sakanatsukira ngakhale khasu. M'lachiwiri ndi lachitatu munkaoneka dzanja la munthu kuseri kwake. Koma Hilda anati maso sayeza madzi, ndipo anatumiza lachitatulo kukaliyeza. Sekishoni inadikira masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi Hilda anafika ndi pulayala m'chikwama, n'kumupatsa Mainess kuti adule yekha waya uja.

"Koma mvelani," anatero Hilda nthungululu zitatha. "Matete yachosa doti, siyachosa matenda yonse. Manzi yakumwa muziwilisa, maka maka ya bana. Elo aya yochoka mu matete ni yothilila chabe ku galadeni."

Okutobala wotsatira alendo anabweranso kudzaona ukhondo. Bango linali litatalika kupitirira munthu. Mmodzi wa alendowo, wa nsapato zonyezimira, anaima n'kukwinya nkhope. Anafunsa kuti tchire ili lasiyidwiranji pakati pa anthu, nanga ndani anakumba ngalande yokhota chonchi ngati kulibe amisiri. Anyamata oyeretsa komboni anayamba kusendera ndi zikwakwa zawo. A Blackson anali kalikiliki kufufuza china chake m'kope lawo.

Enos anatuluka pagulu atanyamula Maud, amene tsopano ankayenda yekha ndi kugwetsa ziwiya za amake. Anakaima pakati pa zikwakwa ndi bango.

"Nine ninakumba, bwana," anatero. "Chaka chatha ninakumba yowongoka, munaniombela m'manja, uyu mwana anagona pa dilipu masiku yanayi. Iyi yokhota musaombe m'manja olo, koma palibe azaigwila."

Mlendoyo anayang'ana mwanayo, anayang'ana amayi amene anali atazungulira dimba lonse, n'kunena kuti nthawi yatha, pali sekishoni ina yoti akaone. Chaka chimenecho sekishoni ya a Blackson sinatchulidwe pa zaukhondo. Sinatumizenso mwana ndi mmodzi yemwe kukagona kukiliniki chifukwa cha m'mimba.

Tsono inu a m'makomboni, imvani. Madzi oipa mukawathamangitsa pakhomo panu sathera m'malere, amakafika pakamwa pa mwana wa munthu wina, mwinanso wanu. Musanakumbe ngalande, yendani mukaone kumene ikathere. Madzi achedwetseni, adutse m'miyala, mumchenga ndi m'mizu ya bango, kutali ndi chitsime. Dambo limene lilipo musaliotche pofuna kusangalatsa maso a alendo. Madzi akumwa wiritsani. Alendo amaomba m'manja n'kukwera galimoto, koma madziwo amamwa ndi ana anu.