Kagemu ka Malemu Bambo Liao

Galimoto ya zinyalala italiza nyimbo yake yoitanira anthu pakona, Mayi Liao anatuluka ndi matumba awiri komanso kagemu, kachipangizo kosewerera m'manja, ka malemu amuna awo. Kanali kong'aluka galasi, zaka ziwiri kakungodya malo m'kabati. Munthu wosita zovala za eni tsiku lonse, n'kudzaphikiranso ana, alibe nthawi yopukuta zidole.

Mayi Kuo oyandikana nawo anavomereza. "Tayani, amake Pei-shan. Zinthu za womwalira zimangoitana misozi. Amuna anga ali moyo, koma ndawatayira kale theka la zinthu zawo."

Pamzere wotaya zinyalala panalinso Aphunzitsi a Hsieh, a makompyuta kusekondale. Anafunsa ngati zam'kati zinakoperedwa. Mayi Liao anati muli chiyani, si tizilombo todumphadumpha? Galimoto ija sidikira munthu. Anaponya matumba, kagemu n'kubwerera nako akung'ung'udza.

Aphunzitsi anawatsatira kunyumba, ndipo atakatchaja anapeza kuti malemuyo adasintha pulogalamu yoyendetsa kagemuko, n'kuikamo yotha kutumiza zinthu. Anafotokoza kuti kakalumikizana ndi intaneti ya m'nyumba kamakhala ngati nkhokwe yotsegula: ukalemba manambala ake pakompyuta, umalowa n'kutenga, popanda chingwe.

Mayi Liao anaima ndi mpeni wa kabichi m'manja. Foni ya amuna awo idaphwanyika pangozi ya njinga yamoto yomwe idawatenga, ndiye ankadziwa kuti zonse zidapita nawo. Koma zithunzi zinayamba kutulukira pakompyuta, chimodzichimodzi, zikudutsa mumphepo ya m'chipinda momwemo. Pei-shan wopanda mano akutsogolo. Iwo eni ali mtulo pampando, kukamwa kuli yasa. Kenako kanema, ndi mawu a amuna awo omwe anali atayamba kuwaiwala, akuwaitana dzina:

"Mei-chu, usakalipe, ndagula kagemu. Kamajambulanso. Taseka pang'ono."

Msuzi unaphwa pamoto, iwo osamva.

Aphunzitsi anakopera zonse malo awiri, n'kutseka njira yolowera m'kagemu ija. Anachenjeza kuti ilibe loko: ikasiyidwa yotsegula, aliyense wolowa pa intaneti ya m'nyumbamo angatenge kapena kufufuta.

Mayi Liao anaika mpeni pansi. "Tabwezani pamene akuti taseka paja."

Phunziro: Amayi anzanga, kutopa ndikukudziwa. Koma chipangizo chilichonse musanataye, funsani wodziwa aone zam'kati, musunge malo awiri. Galimoto ya zinyalala sibweza.