Ulemu wa Bambo a Tionge pa Kompyuta

"Kodi mukuyankhula ndi ndani pamenepa, bambo a Tionge?" ndinawafunsa amuna anga nditasuzumira pa kompyuta ya m'laibulale ya kukoleji kwawo ku Chichiri.

M'kabokosi kofufuzira zolemba za akatswiri anali atalembamo Chingerezi chachitali ngati pemphero la mkulu wa mpingo: moni, chonde, ngati n'kotheka, mundipezere zonena za ana a ku Nancholi amene amachedwa kusukulu. Makina anayankha kuti palibe.

"Mwaonatu, mayi a Tionge. Palibe analembapo."

Mtima unandiwawa. Ndinali nditazemba kuofesi ku Limbe nthawi ya nkhomaliro, m'mimba mulibe kanthu, chifukwa aphunzitsi awo anali atawabwezera kawiri pulani ya kafukufuku, ati ilibe umboni wa m'mabuku. Akaibweza kachitatu Lachisanu, digiri yathera pompo.

"Tasunthani," ndinatero. Ndinafufuta moni, ndinafufuta chonde.

"Aa, osapempha n'komwe?"

"Si apongozi anu awa. Nkhani yanu yagona pa mawu ati? Atatu okha."

Anakanda m'mutu, munthu woti amaphunzitsa sitandade 8. "Ana asukulu. Kuchedwa. Nancholi."

"Nancholi akuidziwa ndani kunjaku? Ikani Malawi. Pakati pa mawuwo mulembe AND kuti ibweretse zokhala ndi onse atatu."

Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ine ndikuluma mano. Zolemba zinatuluka mazanamazana. Ndinawasonyeza posankha zaka zaposachedwa ndi posiya zokhazo zimene akatswiri ena anaziunika. Zinatsala zokwana tsamba limodzi, ndipo chachiwiri pamndandandawo chinali chonena za sukulu za muno mu Blantyre.

Anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Ndiye anthu analemba ndithu," anatero motsitsa mawu. Chisoni chinandigwira, koma nthawi inali itandithera.

"Muzisunge musanagwire china chilichonse. Ine ndapita, abwana andidya."

Ndili pakhomo ndinamva kabatani kakulira kuti tha. Ndinacheuka. Tsamba lija kunalibe. M'kabokosi munali mawu atsopano, zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu, ndipo pansi pake makina anali atandandalika zolemba zikwizikwi zonena za kuthokoza.

Bambo a Tionge anandiyang'ana, chala chikadali m'mwamba.

Ndinaika chikwama pansi, n'kukoka mpando.