Zitsulo Zowotcha za Mlamu

Kapinda anatsika basi kutada kale. Tauni yachilendo. Chikwama cha zida paphewa, anafunsa njira kawiri, n'kuipeza nyumba yosamaliza ya mlamu wake. Mlongo wake anamuchingamira pakhomo.

"Achimwene, kuonda kumeneku?"

"Misewu imadya munthu, mlongo wanga."

Mlamu wake, kontilakita, anatuluka akuseka ngati anasiyana dzulo. Komatu panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Nthawi imeneyo khonde la sitolo imene ankamanga limodzi linagwa, n'kuthyola miyendo ya mmisiri wina. Mlamuyo anauza aliyense kuti wolakwa ndi Kapinda, wopinda zitsulo. Kwawoko palibe anamulembanso ntchito. Anasanduka woyendayenda.

"Madzi akatayika sawoleka, alamu," anatero kontilakita. "Ndakuitanani chifukwa wopinda zitsulo wanga wathawa. Mawa tikuthira konkireti pamwamba. Mungoona ngati zonse zili bwino."

Kapinda anakwera makwerero ndi tochi. Zitsulo zinali zitayalidwa kale, zomangidwa ndi waya. Koma popindika paliponse panali pakuda, dzimbiri litayamba kudya. Anatsika. Kuseri anapeza mbaula yaikulu ndi mgolo wa madzi.

"Izi n'zachiyani?"

"Nzeru zanga zimenezo," kontilakita anadziguguda pachifuwa. "Timawotcha kuti zipindike msanga, kenako n'kuviika m'madzi."

"Ndi pakhonde lija munatero?"

"Munali kumaliro, ntchito inkachedwa. Bwanji?"

Kapinda anazimitsa tochi. Atakagona, tulo sitinabwere. Zitsulo zimenezi ankazidziwa bwino. Kufakitale amazithira madzi zikadali zofiira. Khungu limalimba gwa, mtima n'kutsala wofewa. Mphamvu yake ndi imeneyo. Ukaziwotchanso n'kuziviika, wazipha.

Anaganiza zongokhala chete basi. Mawa konkireti ikwirira zonse. Chaka chimodzi, mwina ziwiri, denga ligwa, dzina la mlamu n'kugwera pomwepo. Anamwetulira yekha. Kenako anakumbukira mlongo wake akumuonetsa zipinda madzulo aja: "Pano ndiye pogona pathu, achimwene."

Anatukwana chamumtima.

Kutacha, amisiri anasonkhana ndi mafosholo. Kapinda anali ataimirira kale pabwalo, hamala m'manja, zitsulo ziwiri zopindika zili pamwala.

"Alamu, tabwerani. Mlongo wanga, nawenso. Amisiri, yandikirani, kuonera n'kwaulere."

Choyamba chinali chimene anapinda yekha, chosawotcha. Anachimenya katatu. Chinangolira. Chachiwiri anali atachimasula pamwamba paja. Anachimenya kamodzi popindika.

Thyo! Chinaduka ngati choko.



"Ndi chimodzi chokha chimenecho," anatero kontilakita.

"Kasankheni nokha china."

Kontilakita sanasunthe. Mmisiri wina wachikulire anakwera, n'kubwera nacho. Thyo!

"Chinagwetsa khonde lija n'chimenechi," anatero Kapinda mokweza. "Mbaula ya abwana anuwa. Koma amene anadya fumbi zaka zonsezi ndine."

Wachikulire uja anaponya fosholo pansi. "Ife sitithira konkireti pamanda, bwana."

Mlongo wa Kapinda anatembenukira mwamuna wakeyo. "Ndiye munkafuna ndizigona pansi pa zimenezi? Ndipo mlongo wangayu ndinamukayikira chifukwa cha inu. Masulani zonse."

Kontilakita anagwira mkono wa Kapinda. "Alamu, zapachibale izi. Khalani, mutipindire zatsopano."

"Pezani wina. Ine paja ndimagwetsa makonde."

Anatola chidutswa chothyoka chija, n'kuchikulunga m'kansalu, n'kuchiika m'chikwama.

"Mukupita nacho kuti chimenecho?"

"Kwathu. Uja anathyoka miyendo ayambe ndiye kuchiona. Kenako onse amene munawauza bodza, khomo ndi khomo." Anakoleka chikwama paphewa. "Chitsulo chimachita dzimbiri, alamu. Mlandu suwola."

Mlongo wake anamuperekeza mpaka pamsewu. Basi yoyamba inali ikuliza kale hutala.