Voti ya Phungu Sibisika

Bambo Newton anafika kunyumba Loweruka masana atanyamula katoni ya timapepala ta kampeni. Phungu wa dera lawo, kumpoto kwa London, anali atawapempha kuti akamulandire pa msonkhano wa Amalawi ndi kumunenera zabwino. Phunguyo anali wa chipani chokonda kusunga zakale, ndipo anali atakhala ku Nyumba ya Malamulo zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Mwana wawo Wezzie atangoona nkhope ya papepalapo anaimirira.

"Adadi, munthu uyu anakana kuti anthu ngati ine tizikwatirana. Mukakamutamanda pagulu, ku ukwati wanga musabwere."

Wezzie ankakonzekera kumanga banja ndi mkazi mnzake, Lushomo, wa ku Zambia. Makolo ake zinawatengera zaka zitatu kuti avomereze, ndipo bala linali lisanapole bwino.

"Amenewo ndi mabodza a pafoni," anatero a Newton. "Munthuyu amabwera kutchalitchi kwathu. Amatipatsa moni m'Chichewa!"

Akazi awo, mayi Marjorie, namwino pachipatala cha ku Edmonton, sanafune zokokanakokana. Anakagogoda kwa a Chabala, oyandikana nawo nyumba, amene ankagwira ntchito kulaibulale.

A Chabala anabwera ndi kompyuta yawo. "Musakangane," anatero. "Kuno phungu akavota, dzina lake limalembedwa, ndipo aliyense akhoza kuliona pa intaneti kwaulere. Tiyeni tiwerenge tokha."

Anatsegula tsamba la Nyumba ya Malamulo, n'kulemba dzina la phunguyo. Pa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, phunguyo anavota kuti ayi. Pa lamulo lopatsa apolisi mphamvu zambiri zoletsa zionetsero, anavota kuti inde.

Mayi Marjorie anavala magalasi. "Bwererani pamenepo. Ine ndinaima panja pa chipatala m'chisanu nthawi ya sitalaka ya anamwino. Ndiye kuti ankafuna titsekedwe pakamwa?"

"Zimene ankafuna mukamufunse yekha," anayankha a Chabala. "Ine ndakuonetsani zimene anachita. Musaiwalenso kuti ife a m'mayiko a Commonwealth, ngati tili ndi chilolezo chokhala kuno, timavota. Mungolembetsa, n'kutenga chiphaso chokhala ndi chithunzi."

A Newton anakankhira katoni ija pakhomo.

Tsiku la msonkhano holo inadzaza. A Newton anamulandira mlendoyo mwaulemu, koma sanamutamande. Phunguyo analankhula za kulimbikira ntchito ndi kufunika kwa banja, anthu n'kuomba m'manja. Nthawi ya mafunso itakwana, mayi Marjorie anaimirira, pepala lili m'manja. Mkulu wina wa mpingo anawakoka chovala.

"Mayi, khalani pansi. Mutichititsa manyazi."

"Manyazi a chiyani? Mwana ndi wanga, voti ndi yanga." Anatembenukira kwa phunguyo. "Bwana, mwanena za banja. Uyu ndi mwana wanga Wezzie, uyo ndi Lushomo. Munavota kuti asakwatirane. Munavotanso kuti zionetsero zichepetsedwe. Masiku ake ndi awa. Nkhanizi zitabweranso, mudzavota bwanji?"

Phunguyo anati zimenezo n'zakale, dziko linasintha.

"Sindinafunse za dziko. Ndafunsa za inu."

Phunguyo anayankha mozungulira, n'kumaliza ponena kuti sanasinthe maganizo.

"Zikomo," anatero mayi Marjorie. "Tsopano tikudziwa."

Ena anang'ung'udza, ena anatuluka. Koma a Newton anachoka kutsogolo kuja n'kukakhala pakati pa Wezzie ndi Lushomo, anthu onse akuona. Msonkhano utatha, anthu khumi ndi anayi anaima pamzere kwa a Chabala, atamva kuti ndiwo anathandiza banjalo kupeza mavotiwo. Ena ankagwirizana ndi phunguyo, ena ayi, koma onse ankafuna kuphunzira kufufuza okha mmene aphungu amavotera. Asanu ndi mmodzi analembetsa m'kaundula wa voti tsiku lomwelo.

Pa tsiku la chisankho, banja lonse linapita limodzi kukavota, aliyense ndi chiphaso chake.

Wandale asakukopeni ndi moni kapena kumwetulira. Fufuzani mmene anavotera, mufunseni pamaso pa anthu mosaopa, kenako sankhani nokha. Ufulu wa mnzanu ukamachepetsedwa musakhale chete, chifukwa lamulo lomwelo mawa likhoza kugwira inu.