Womvera wa ku Joni

Watipaso anatsala yekha m'bandi yawo ya ku Chintheche. Bessie, yemwe ankatsogolera nyimbo, anakwatiwa ku Mzuzu, ndipo Mathews wa ng'oma anapita ku Joni kukasaka ntchito. Nyimbo zomwe anajambula limodzi Watipaso anaziika pa intaneti. M'mawa uliwonse ankakwera kumsewu, komwe netiweki imagwira bwino, kukaona pafoni amene amvera. Kwathu kuno kunali zii. Munthu mmodzi yekha, wa ku Joni, ndiye ankamvera tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina anamuimbira Mathews. "Aise, kodi ndiwe ukumverayu?"

"Ndine ndithu. Ndimamvera ndikamatsuka mbale za abwana. Koma zobwera usandifunse."

Watipaso sanafunse. Masana ake anakaimba paloji ina ku Kande, gitala yokhayokha, alendo awiri akungodya osacheuka.