Mng'alu wa Nyumba ya Manijala

Thelma Masiye anali injiniya woyeza kulimba kwa nyumba pa kampani ina ku Business Bay. Ntchito yake inali kuyang'ana makoma, nsanamira ndi maziko, n'kulemba ngati anthu angapitirize kukhalamo kapena ayi. Anali atakhala ku Dubai zaka zisanu ndi chimodzi pamene bambo ake, a Boniface, anamuonetsa mng'alu pa foni.

Ankayimbirana pa vidiyo Lamlungu lililonse masana. Bambowo sankatha kugwira foni bwino, moti nthawi zambiri Thelma ankangoona chipumi chawo ndi siling'i. Tsikulo anati ali ndi kanthu kakang'ono koti mwana wawo wophunzira aone, ndipo analozetsa foniyo ku khoma la pabalaza. Mng'aluwo unayambira pansi pa windo, n'kukwera ngati masitepe motsatira mizere ya njerwa mpaka kumtunda. Kumtundako unali waukulu kuposa pansi. Thelma anawapempha kuti alowetsemo chala. Chinalowa chonse.

Nyumbayo inali ku Adivelo, katawuni ka migodi ya golide m'mapiri a kumpoto kwa Mutare, ku Zimbabwe. Inamangidwa mu 1897 kuti muzikhala manijala woyamba wa mgodi, mzungu wa ku Scotland amene ankafuna nyumba yonga za kwawo za masiku a Mfumukazi Victoria. Njerwa zokha n'zimene zinawotchedwa pomwepo. Zina zonse zinabwera m'mabokosi pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa ngolo za ng'ombe kuchokera pomwe njanji inalekezera. Khonde linazungulira mbali zitatu, ndipo denga lake linakhala pa nsanamira zachitsulo khumi ndi zinayi zokhala ndi zokongoletsa zonga masamba a mpesa. Siling'i inali ya malata opyapyala odindidwa maluwa. Mawindo anali okankhira m'mwamba, okhala ndi zitsulo zolemera zobisika m'felemu kuti asagwe. Pamwamba pa chitseko chakumaso panali magalasi ofiira ndi obiriwira, ndipo dzuwa likamatuluka mitunduyo inkagwera pa matabwa a m'likole.

Agogo ake a Thelma anafika kumeneko wapansi kuchokera ku Ntcheu mu 1948, n'kulembedwa ntchito yophika m'nyumbamo. A Boniface anabadwira m'kanyumba ka antchito kuseri. Pa ubwana wawo wonse ankalowera kukhitchini, ndipo malire awo anali chitseko cha chipinda chodyera. Atakula anakhala kalipentala wa mgodi, ndipo mamanijala asanu ndi awiri otsatizana ankaitana iwo windo likakana kutseguka kapena thabwa likawola. Mgodi utatsekedwa mu 2002, kampani inawasiyira nyumbayo m'malo mwa penshoni. Anzawo anawaseka kuti alandira malata akale. Iwo anavala jekete, n'kugwira akazi awo padzanja, n'kulowera kumaso. Thelma, amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu, ankakumbukira kuti anayima nthawi yaitali pa chopondera asanalowe, akupukuta nsapato zomwe zinali zoyera kale.

Tsopano mayi ake anali atamwalira, mchimwene wake Abraham ankakhala ku Mutare ndi banja lake, ndipo bambowo anatsala okha m'zipinda zisanu ndi zinayi. Pansi pa phiri limene nyumbayo inamangidwapo munalowa makorokoza, anthu okumba golide paokha, amene ankatsata ngalande zakale za mgodi n'kumagumula ngakhale mizati ya mwala yomwe akale anasiya kuti izichirikiza nthaka.

Thelma anauza bambo ake kuti adule tizidutswa ta galasi, n'kutimata ndi simenti mopingasa mng'aluwo malo atatu, n'kulemba deti pambali. Khoma likamasuntha, galasi limasweka. Bambowo anasangalala ndi ntchitoyi, ndipo anaigwira mwaukhondo ngati yolipidwa. Patapita masiku asanu ndi anayi, tonse titatu tinali titasweka. Iwo anati mwina galasilo linali lakale. Anamata tina. Tinasweka pasanathe sabata.

Thelma anaonetsa zithunzi za mng'aluwo kwa Lubinda, injiniya mnzake wochokera ku Lusaka, akudya nkhomaliro pa kalesitilanti ka Amwenye pansi pa ofesi yawo. Lubinda anazikulitsa ndi zala, n'kufunsa za mtundu wa dothi ndi nthawi imene mvula imayamba kumeneko. Kenako anabweza foniyo.

“Iyi ikanakhala bilding'i ya kuno, sembe wasaina lelo. Khalas, basi, bonse panja,” anatero m'Chinyanja chake. “Uziziba kale. Ufuna chabe ine nikambe.”

Thelma sanatsutse.

Kwa masabata atatu anayesa kuwanyengerera bambo ake. Anawauza kuti ngodya yakummawa ikutsika, kuti mvula ikadzalowa m'ngalandemo nthaka ikhoza kutseguka tsiku limodzi. Anati akakhale kaye kwa Abraham mpaka mvula ithe. Iwo ankamvetsera mwaulemu, kenako n'kuyamba kufotokoza zina: kuti mu 1926 mphezi inagwetsa chumuni koma manijala wa nthawiyo anachimanganso ndi njerwa zomwezo, kuti matabwa apansi ndi a paini wa kutsidya kwa nyanja ndipo chiswe chinawalephera, kuti nthawi ya nkhondo asilikali anagona pakhonde miyezi inayi osathyola kanthu. Nyumba imene inapirira zonsezo, iwo anati, singagwe chifukwa cha anyamata a mafosholo.

“Ababa, zimenezo n'zapamwamba. Ine ndikunena za pansi. Pansi palibe kanthu.”

“Ndikachoka usiku umodzi wokha, mwanangu, m'mawa mwake sindidzapeza lata ngakhale limodzi. Ukuwadziwa anthu akuno mmene avutikira. Chikuilondera nyumbayi ndi utsi wa moto wanga.”

Thelma anayimbira Abraham. Mchimwene wakeyo anati iye anayesa kale kawiri ndipo anabwezedwa ndi mawu oti ana a masiku ano amaopa ndi mphepo yomwe. Anati munthu wamkulu sunganyamule ngati thumba. Kunali kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo ku Adivelo mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo.

Lachiwiri lina m'mawa Thelma anafika ku ofesi msanga, n'kulemba lipoti la masamba anayi monga ankalembera a nyumba za ku Dubai. Anayikamo zithunzi, miyeso ndi madeti a magalasi osweka. Pamapeto analemba kuti nyumbayo si yoyenera kukhalamo munthu. Anasaina, n'kudinda chidindo chake cha uinjiniya, n'kutumiza kwa Abraham kuti akapereke ku ofesi yoona za nyumba m'deralo. Abraham anamufunsa ngati bambo akudziwa. Thelma anati adzawafotokozera zikatheka. Atatumiza anatsika n'kukwera galimoto ya kampani kupita ku Jumeirah, komwe mwini nyumba wina ankadandaula kuti matailosi a dziwe lake losambira akusweka.

Akuluakulu a ofesiyo anafika ku Adivelo patatha masiku khumi ndi atatu. Anayang'ana khoma, anawerenga lipotilo, n'kupatsa bambowo masiku atatu oti achokemo. Abraham anabwereka lole. Anauza mlongo wake kuti bambo sanakangane ndi aliyense. Anangopempha kuti awasiyire kope la pepala limene alendowo anabwera nalo, ndipo analiwerenga ali chiimire pakhonde mpaka tsamba lomaliza, pomwe panali dzina. Kenako analipinda n'kuliyika m'thumba la malaya, n'kuyamba kulongedza zipangizo zawo za ukalipentala. Asananyamuke anatseka mawindo onse, n'kukhoma chitseko chakumaso.

Malata anatha kubedwa m'masiku anayi. Nsanamira zachitsulo zinazulidwa sabata yomweyo n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Siling'i, matabwa apansi, mafelemu a mawindo, zonse zinapita. Magalasi amitundu aja sanapeze wowafuna, choncho anangowaswa pochotsa chitseko.

Lamlungu lotsatira Thelma anayimba koma foni sinayankhidwe. Anayimbira ya Abraham, ndipo anamva mchimwene wake akuyenda kupita kuchipinda, kunong'ona, kenako n'kubwerera kudzanena kuti bambo agona. Linalo anali atapita kutchalitchi. Linalo mutu unkawapweteka. Thelma anatumiza jekete yotentha ndi mankhwala a miyendo kudzera mwa mtsikana wina wogwira ntchito m'ndege. Abraham anati zafika ndipo bambo athokoza, koma Thelma anadziwa kuti kuthokozako n'kwa Abraham.

Mvula inagwa Novembala yense ndi Disembala. Makoma opanda denga aja anayimabe. Abraham ankadutsako nthawi zina n'kujambula, ndipo Thelma ankayang'ana zithunzizo m'sitima popita kuntchito. Tsiku lina anazindikira kuti akufunafuna ndi maso ngodya yakummawa, kufuna kuiona itagwa. Anatsika pa siteshoni yomwe sinali yake n'kukhala pabenchi mpaka manyaziwo atachepa.

Pa Khirisimasi bambo ake anavomera kugwira foni. Anali ataonda, ndipo kumbuyo kwawo kunkaoneka khoma lapulasitala la chipinda cha ana a Abraham. Thelma anayamba kulankhula zimene anakonzekera kwa miyezi iwiri: kuti ankaopa kudzalandira uthenga woti awafukula m'njerwa, kuti akanawauza akanamuletsa, kuti ngati n'kulakwa walakwa chifukwa chowafuna amoyo. Iwo anadikira mpaka anamaliza.

“Ndinawerenga zimene unalemba. Miyeso yako ili bwino, ndinakayezanso ndekha. Koma pa tsamba loyamba walemba kuti nyumbayo inamangidwa cha m'ma 1900.” Anatsokomola pang'ono. “Ndi 1897, Thelma. Ndinkayesa umamva ndikamakuuza.”

“Ndinkamva, ababa.”

“Chabwino. Landira achimwene ako.”

Sanalankhulanenso. Mu Meyi bambowo anadwala chibayo ndipo anamwalira m'chipatala patatha masiku asanu. Thelma analandira uthengawo ali pa nsanjika ya makumi atatu ya nyumba yosamalizidwa, atavala chisoti ndi lamba wotetezera. Anamaliza kuyeza nsanamira imene anaiyamba chifukwa sanadziwe china choti achite ndi manja ake. Lubinda ndi amene anamutsitsa, n'kukamupemphera tchuthi kwa abwana.

Anawayika ku Adivelo pafupi ndi akazi awo. Mwambo utatha, Abraham anauza Thelma chinthu chimene anamubisira. Loweruka lililonse bambo ankakwera minibasi kuchokera ku Mutare atanyamula tsache, n'kukasesa zipinda zopanda dengazo, kuzula udzu womera m'likole, n'kubwerera madzulo. Chibayocho chinawayamba atanyowa ndi mvula yowaza ya m'mapiri pa ulendo wotere. Abraham anati sananene poopa kuti mlongo wake alembanso kalata ina. Atangotero anapepesa, koma Thelma anati palibe chopepesa.

Anapita yekha kukaona nyumbayo. Inkaoneka yaing'ono kuposa mmene ankaikumbukira. Pansi panali poyera, ndipo zidutswa za njerwa zinali zitaunjikidwa bwinobwino pangodya ya chipinda chilichonse. Mng'alu uja tsopano unkalowa dzanja lonse. Anayima pomwe panali khonde kwa kanthawi, kenako mayi wina wogulitsa tomato kumsewu anamufunsa ngati ndi mwana wa a Masiye, n'kumupatsa mpando.

Anabwerera ku Dubai kutentha kutafika pachimake. Ankagwira ntchito monga kale, koma malipoti amene kale ankamaliza tsiku limodzi tsopano ankamutengera atatu. Atatumidwa kukayeza nyumba ina yakale ya alendo ku Naif, anapempha Lubinda kuti apite m'malo mwake, ndipo Lubinda anapita osafunsa chifukwa.

Mu Januwale wotsatira, pakati pa mvula yamphamvu, Abraham anatumiza chithunzi. Nthaka inali itatseguka ndipo pabalaza ponse panali patamira m'dzenje lakuya kuposa msinkhu wa anthu awiri. Pansi pa chithunzicho analemba kuti unkanena zoona, mlongo wanga, tsopano mtima ukhale pansi. Thelma anakulitsa chithunzicho. Dzenjelo linathera pakati pa likole. Chipinda chimene bambo ake ankagona, chakumadzulo, chinali chilili, makoma onse anayi.

Anafunsa Abraham kuti zachitika nthawi yanji. Iye anati oyandikana nawo akuti cha m'ma teni koloko m'mawa. Thelma anayesa kukumbukira kumene bambo ake ankakhala nthawi imeneyo. Masiku ena ankakhala pabalaza kumvera wailesi. Masiku ena ankakhala kuseri, kupala matabwa. Anayang'ana chithunzicho mpaka foni inazima yokha.

Lubinda anasuzumira pakhomo la ofesi n'kunena kuti yalla, tiyeni, galimoto ikudikira pansi. Thelma anamuuza kuti atsogole, abwera. Anatseka chitseko n'kulira kwa nthawi yoyamba chichokere ku maliro, ndipo dalaivala anachita kuyimba kawiri asanatsike.