Mamita Asanu a Waya

Kwa a Esitele ku Mkanda netiweki inali ngati mlendo wamanyazi, yothera panja. Wofuna kuimba foni ankapita pachulu cha kuseri kwa madimba, ndipo pena foniyo ikagwira inkayamba ndi kumulandira ku Zambia.

Mwana wawo Eliza anali atayesedwa mayeso olowera ntchito ya unamwino. Anamuuza kuti opambana aimbiridwa sabata imeneyo, tsiku lililonse, ndipo wosapezeka pafoni malo ake apita kwa wina. Eliza anati azikadikira pachulu. Mayi ake anakana. Pachulu paja pankasonkhana anyamata a kabaza, ndipo iwo sanalere mwana zaka zonsezi kuti akamuyanike pamenepo ngati mphale.

Lolemba a Esitele analawirira ku Kamwendo, kusitolo ya a Ismaili, kukagula busita, bokosi lokoka netiweki. Mtengo wa bokosilo anaumenya mpaka a Ismaili anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Kenaka anafika pa waya.

"Mamita twente," anatero a Ismaili.

"Kodi ndikumanga khola? Dulani asanu."

"Mayi, tamverani. Eriyo iyi ndi yapanja, imakoka netiweki. Bokosili limaikweza, ndiye eriyo yam'katiyi imaimwaza m'nyumba. Koma ziwirizi zisamvane. Zikayandikana, yapanja imamva inzake, bokosi n'kumakweza mawu ake omwe. Munamvapo mmene maiki yakutchalitchi imalirira ikayandikira sipika?"

"Inu Asilamu za kutchalitchi kwathu mwazidziwira kuti?"

"Kumzikiti imaliranso chimodzimodzi, mayi."

A Esitele sanaseke. Ankadziwa kuti wogulitsa waya sangakuuze kuti waya wamfupi akukwana. Komanso chinthu chodula chotere ungachiike kutali, komwe maso ako safika? Akuba a masiku ano amaba ndi chitseko chomwe.

"Asanu," anatero. A Ismaili anadula asanu.

Kunyumba anamangirira eriyo yapanja pansungwi, pawindo penipeni pa chipinda chawo, kuti aziiona ali pamphasa. Yam'kati anaipachika pakhoma pomwepo. Atalumikiza kubatire la sola, kanyali kobiriwira kanayaka, foni ya Eliza n'kudzaza timizere tonse. A Esitele anali asanamalize kunena kuti "mwaona" pamene kanyali kanasanduka kofiira, timizere n'kuthawa.

Anapotokola kabatani kamphamvu mpaka kumapeto. Bokosi linangozima.

Eliza anawerenga kapepala ka m'katoni. "Amayi, akuti likayamba kudzimva lokha limachepetsa mphamvu. Zikapitirira limadzithimitsa."

"Chinthu ndagula ine chizidzilamula chokha? Yatsanso."

Anayatsa, chinazima. Lachiwiri lonse linatha choncho. Eliza sanadye. Ankangoyang'ana foni, kenaka njira ya kuchulu, kenaka mayi ake, omwe anakhala pakhomo ngati loko.

Lachitatu m'mawa a Esitele anakwera okha pachulu paja, anyamata a kabaza n'kuwapatsa njira mwaulemu woonjeza. Anaimbira a Ismaili.

"Mwandigulitsa chinthu chaulesi."

"Si ulesi, mayi. Chikapanda kudzithimitsa, phokoso lakelo lingasokoneze mafoni a anzanu onse. Eriyo mwaiika pati?"

"Pawindo."

"Italikitseni. Ikwere pamwamba, iyang'ane kunsanja ya netiweki, nyumba iipatse msana. Ndikutumizirani waya pakabaza."

"Tumizani fifitini, ndilumikiza ndi wangayu."

"Wolumikiza amataya mphamvu. Twente wathunthu."

"Ndiye asanuwa mulandire."

"Waya wodula sabwerera, mayi. Munadulitsa nokha."

Waya anafika masana. Tsono pamalo ponsepo chinthu chachitali chinali chimodzi, mtengo wa bulugamu wa a Mateyo, alamu awo. Awiriwa sankalankhulana chichokere chaka chomwe mbuzi za a Mateyo zinadya mtedza wa a Esitele, a Esitele n'kuzitsekera m'khitchini masiku atatu. A Esitele anayeza ndi mapazi kulowera kwina konse, koma kunalibe china choposa nthochi. Anamanga chitenje n'kupita.

"Odi, alamu."

A Mateyo anayang'ana kumwamba ngati ofuna kuona mvula. "Lero kwagwanji? Mbuzi zanga zili m'khola."

"Sindinabwerere mbuzi. Ndikufuna mtengo wanuwo."

Atamva nkhani ya Eliza, a Mateyo sanavute. Anakwera okha, n'kumanga eriyo ija cha kunsonga. Anangopempha kanthu kamodzi, kuti nawonso aziimbira foni pakhonde la a Esitele. A Esitele anati Lamulungu lokha. Anagwirizana tsiku lililonse kupatula nthawi ya chakudya, ndipo kanali koyamba m'moyo wa a Esitele kugonja pa malonda kawiri tsiku limodzi.

Kanyali kanayaka kobiriwira, ndipo sikanasinthenso. Eriyo inali kutali, pamtengo wa mdani, komwe sakanatha kuilondera, ndipo inkagwira ntchito bwinobwino. Zimenezi zinawanyansa a Esitele kuposa kanyali kofiira kaja.

Foni inalira Lachinayi, Eliza akutsuka mbale. Anayankha ndi manja onyowa, akuti "inde, inde, zikomo," mawondo akugwada pang'ono ngati woimbayo akumuona.

"Anditenga, amayi. Akuti dzulo m'mawa anaimba osandipeza, lero kanali komaliza."

"Chipatala chake chiti? Cha paboma pano?"

"Ku Chitipa."

"Ku Mchinji kuno odwala anatha?"

"Ndizikuimbirani, amayi. Netiweki ilipo tsopano."

"Uziimba iweyo. Ine mayunitsi ndilibe."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mamita asanu a waya aja. Anawamanga pakati pa nsungwi ndi mtengo wa papaya, n'kuyamba kuchapa zovala za Eliza za paulendo, akuzimenya pamwala mwamphamvu kuposa mmene zinadera. Pakhonde, a Mateyo anali atakhala kale pampando wa a Esitele, mwendo pa unzake, akufotokozera munthu wina wa ku Chipata za mitengo ya mbuzi.